"Make" kapena "do"? Dzina ndilo limasankha mneni wake

Funso: Ndimagwira ntchito yolandira alendo ndi kulemba makalata pa ofesi ina kufupi ndi Cairo Road, ndipo ndikukonzekera kulembanso Chingerezi pa mayeso a GCE. Abwana anga amandibwezera makalata atakhwatcha mawu amene ine ndimaona kuti ali bwinobwino. Sabata yatha anakhwatcha "I did a mistake", "we discussed about the budget" ndi "kindly borrow us your projector". Tanthauzo la liwu lililonse ndimalidziwa. Nanga ndikulakwitsa pati? Kodi pali lamulo loti ndingoloweza? Wowerenga wa ku Chilenje.

Yankho: Mayi, tiyambire kwathu, chifukwa chinthu chikukuvutanichi mumachidziwa kale m'chilankhulo chanu, kungoti simunakhalepo pansi n'kuchiganizira. Mlendo wophunzira Chinyanja atsegule dikishonale, apeze kuti "wash" ndi kuchapa, ndiye akuuzeni kuti akufuna kuchapa m'manja asanadye nsima. Zimene akufuna mwazimva, koma mwaseka. M'manja timasamba, mbale timatsuka, zovala timachapa, kumaso timasukusula. Madzi ndi omwewo, sopo ndi yemweyo, koma chinthu chilichonse chili ndi mneni wake. Foni timaimba ngakhale palibe nyimbo. Ntchito timagwira ngakhale ilibe chogwirira. Voti timaponya, njinga timapalasa, banja timamanga. Mlendo uja atakufunsani chifukwa chake, mulibe yankho lina koma lakuti ndi mmene timanenera.

Chingerezi n'chimodzimodzi. Akatswiri a zilankhulo amatcha kuyenderana kwa mawu kumeneku "collocation", liwu limene J. R. Firth wa ku London analitchukitsa m'zaka za m'ma 1950. Ndiye kuyankha funso lanu lachiwiri poyamba: lamulo limodzi lomasula zonse palibe. Pali zizolowezi zingapo zimene zingakuchepetsereni ntchito, ndipo pali njira yophunzirira imene ambiri sitinaphunzitsidwe. Kusukulu tinkaloweza mawu limodzilimodzi, "mistake" patsamba lake, "make" patsamba lake, kunyumba n'kumayankhula Chinyanja kapena Chibemba. Pophatikiza mawuwo, mutu umatenga kaphatikizidwe ka kunyumba. Zolakwa zanu zitatuzo zonse zachokera pamenepo, ndipo chilichonse chili ndi gulu lake.

Choyamba ndi cha "make" ndi "do". Aneni awiriwa, pamodzi ndi "take", "have", "give" ndi "get", ndi amene Otto Jespersen, katswiri wa ku Denmark, anawatcha "light verbs", aneni opepuka. Ndi opepuka chifukwa katundu yense wa tanthauzo amasenzedwa ndi dzina. Mu "make a decision" palibe chimene chikupangidwa ndi manja, tanthauzo lonse lili mu "decision". N'chifukwa chake kuyang'anitsitsa mneni kuti mumvetse chifukwa chimene ali pamenepo n'kutaya nthawi. Yang'anani dzina.

Chizolowezi chothandiza ndi ichi. "Make" amakonda kuyenda ndi chinthu chimene kunalibe, ndipo tsopano chilipo chifukwa cha inu, kaya ndi mawu otuluka pakamwa, maganizo, phokoso kapena phindu: "make a mistake", "make a call", "make an appointment", "make a complaint", "make a suggestion", "make a promise", "make a payment", "make a noise", "make a profit", "make progress", "make an effort", "make friends". "Do" amakonda ntchito imene ilipo kale, yongofuna munthu woigwira: "do the dishes", "do the laundry", "do your homework", "do the shopping", "do the filing", "do a course", "do research", "do business". Amayendanso ndi mawu osatchula chinthu chenicheni, monga "do something", "do nothing", "do your best". Kulakwitsa ndi chinthu chimene mwachibweretsa inuyo, choncho ndi "I made a mistake".

Musachikhulupirire kwambiri chizolowezichi. "Do damage" ndi "do harm" zimaswa lamulo, pakuti kuwonongekako kunalibe poyamba. "Do me a favour" nayenso ali yekhayekha. Kuyala bedi m'mawa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma amati "make the bed". Apa kanthu kakang'ono kamasintha nkhani yonse: mwana wanu m'mawa "makes the bed", pamene kalipentala wa ku Kalingalinga, ndi matabwa ake ndi misomali, "makes a bed". Chenjeraninso ndi "time". "Make time" ndi kupeza mpata pakati pa zochita zambiri, koma "do time" ndi kukhala m'ndende.

Msampha waukulu kwa ife si kusokoneza "make" ndi "do" ayi, koma kuwalowetsa pamene onse awiri safunika. Kuchita ndi kupanga kwathu kumalowa paliponse. Timachita ngozi, timachita phwando, timachita msonkhano, timachita mantha, timachita manyazi, timachita mwayi. Pa zisanu ndi chimodzizi palibe ngakhale chimodzi chimene chimatenga "do" kapena "make". Ngozi ndi "have an accident", ndipo ngati munthuyo ndiye wayambitsa, "cause an accident". Phwando ndi "have a party" kapena "throw a party". Msonkhano ndi "hold a meeting" kapena "have a meeting". Mantha, manyazi ndi mwayi nthawi zambiri sizitenga n'komwe dzina: "be afraid", "be shy" kapena "be ashamed", "be lucky". Mukamva kuchita kukubwera m'mutu, imani kaye.

Kumva nakonso n'kotero. Ife timamva mawu, timamva fungo, timamva kukoma, timamva kuzizira, timamva Chitonga. Chingerezi chimagawa: "hear a sound", "smell smoke", "taste the salt", "feel cold", "understand Tonga". "I can hear a smell" ndi Chinyanja chovala jekete. Mankhwala ife timamwa, ngakhale mapiritsi ouma, koma pa kapepala ka kuchipatala palembedwa "take two tablets three times a day". Basi timakwera, koma "climb a bus" ndi kukwera padenga pake. Zoyenera ndi "take a bus", "catch a bus" kapena "get on the bus". Basi ya ku Chipata ikakusiyani pa Intercity, Mngelezi saimba mlandu basiyo kuti "the bus left me", amadziimba yekha: "I missed the bus". Wailesi ndi malaiti timatseka kapena kuzimitsa, koma "close the radio" ayi, ndi "switch off" kapena "turn off". Ndalama za malipiro ndi "earn money" kapena "make money". "Win money" ndi za mpikisano ndi kubetcha basi.

Popeza ntchito yanu ndi ya pa desiki yolandirira alendo, mayina amene mumakumana nawo tsiku lililonse si ambiri, ndipo aneni awo ndi odziwika. Tengani "message". Inu amene mwayankha foni mumati "Can I take a message?", woimbayo ndiye "leaves a message", kenako inu "pass on the message" kwa abwana. "Call": "make a call", "take a call", "answer a call", "return a call", "transfer a call". "Appointment": mumayamba ndi "make" kapena "book", kenako "confirm", ndipo munthuyo akhoza "keep", "cancel", "reschedule" kapena "miss". "Meeting": wina "calls" kapena "arranges", wina "chairs", ena onse "attend", ndipo amene akulemba mfundo za msonkhanowo "takes the minutes", ngakhale dzanja lake likulemba. "Deadline": "set", "meet", "miss", "extend". "Order": "place", "cancel", "deliver". "Receipt": "issue". "Bill": "pay" kapena "settle". "Leave", tchuthi cha kuntchito: "apply for leave", "take leave", "be on leave". Mlendo akafika, "Please take a seat" kapena "have a seat", zonse zili bwino. Mukadziwa zimenezi zokha, theka la zokhwatchakhwatcha latha.

Cholakwa chanu chachitatu tichitenge tsopano, chifukwa n'chapafupi. Kwathu mneni mmodzi amagwira mbali zonse ziwiri. "Ndabwereka ndalama" ndi wolandira, "mundibwerekeko K50" ndi kupempha wopereka. Chingerezi chili ndi aneni awiri oyang'ana kosiyana. "Borrow" ndi kutenga, "lend" ndi kupereka. Kapimidwe kake n'kosavuta: pambuyo pa "borrow" sipabwera munthu, pamabwera chinthu, munthuyo amabwera pambuyo pa "from". "I borrowed K500 from my sister." Pambuyo pa "lend" munthu akhoza kubwera: "My sister lent me K500." Wa kaloba "lends", inu wopanikizika pakati pa mwezi "borrow". Mukalemba "borrow us", ndiye kuti mukupempha kuti akutengeni inuyo akakubwezeni mawa.

Pali anzake awiri a mtundu womwewu. Kuba: "steal" amatsatiridwa ndi chinthu, "rob" amatsatiridwa ndi munthu kapena malo. "Andibera foni" si "they stole me my phone", koma "they stole my phone" kapena "I was robbed". Kunena ndi kuuza: "tell" amatsatiridwa ndi munthu, "say" ndi mawu onenedwawo. "He told me", osati "he said me". Apa Chinyanja chimathandiza, chifukwa nafenso timauza munthu n'kunena mawu. Koma pali mayina ochepa amene anasankha "tell" ngakhale palibe munthu: "tell a lie", "tell the truth", "tell a story", "tell a joke", "tell the time". Pemphero ndi kupepesa zinapita kwa "say": "say a prayer", "say sorry".

Cholakwa chachiwiri, "discussed about", ndicho chofunika kukhalapo nthawi, chifukwa chimabweranso pa mayeso. Ife timakambirana za chinthu, ndipo "za" ameneyo amasanduka "about" osatiuza. Koma pali chifukwa china chimene chimachititsa kuti cholakwachi chizimveka cholondola m'khutu: "about" ameneyo munamumvadi, kungoti munamumva pambuyo pa dzina, osati pambuyo pa mneni. Mneni "discuss" amagwira chinthu chake mwachindunji, dzina "discussion" limafuna mperekezi, kaliwu ngati "about", "for" kapena "on". "We discussed the budget", koma "we had a discussion about the budget". Zonse ziwiri n'zolondola, cholakwika n'kutenga mutu wa china ndi mchira wa chinzake.

Gulu limeneli ndi lalikulu, ndipo m'makalata a m'maofesi a mu Lusaka muno limapezeka tsiku lililonse. "We request a meeting", koma "we made a request for a meeting". "She emphasised punctuality", koma "she placed emphasis on punctuality". "I ordered ten reams", koma "I placed an order for ten reams". "They demanded a refund", koma "their demand for a refund". "We lack funds", koma "a lack of funds". "Contact the manager", koma "get in contact with the manager". "Answer the letter", koma "an answer to the letter". Mwa zonsezi "request for" ndiye wozika mizu kwambiri, moti ena amene amakhwatcha za anzawo amamulemba okha. Pa gawo la mayeso limene amakupatsani chiganizo kuti muchilembenso moyamba ndi mawu ena tanthauzo osasintha, kusintha mneni kukhala dzina ndi chimodzi mwa zimene muyenera kukonzekera. Mukasintha, kumbukirani kuti nthawi zambiri zinthu zitatu zimabwera pamodzi: mneni wopepuka woyenera, "a" kapena "the", ndi mperekezi wa dzinalo. "He complained about the noise" asanduka "he made a complaint about the noise". Mukaiwala chimodzi, malikisi apita.

Mbali inayo iliponso, aneni amene amafuna mperekezi koma ife timam'siya: "listen to the radio", "wait for the driver", "reply to the email", "explain to me". "Reply me" ndi "explain me" n'zolakwika. "Apply" amatenga awiri: "apply for" ntchito kapena malo, "apply to" kampani kapena sukulu. "Pay" ndi wochenjera. Munthu, lendi, fizi ndi ngongole zimabwera mwachindunji, "pay the landlord", "pay the rent", "pay school fees", koma katundu wogulidwa amafuna "for": "pay for the chairs". "Pay the chairs" ndi kupatsa mipando ndalama.

Kanthu kena kamene abwana anu adzakhwatcha posachedwa, ngati sanayambe kale, ndi "s" pa mayina osawerengeka. Ife timati malangizo, zipangizo, mipando, ndipo zonsezi n'zambiri, ndiye dzanja limalemba "advices", "equipments", "furnitures". Mayina awa satenga "s" ndipo satenga "a": "advice", "information", "equipment", "furniture", "luggage", "stationery", "feedback", "evidence", "homework", "progress". Mumati "give advice" kapena "some advice", ndipo mukafuna kuwerenga, "a piece of advice", "two items of furniture". "News" ali ndi "s" wobadwa naye koma ndi chimodzi: "the news is good". "Work" sawerengeka, "job" amawerengeka, n'chifukwa chake "I am looking for work" ndi "I am looking for a job" zili bwino, koma "a work" ayi.

Pa kalembedwe, Zambia amatsata Chingerezi cha ku Britain, ndipo kumeneko pali mawu awiriawiri amene dzina limalembedwa ndi "c", mneni ndi "s": "advice" ndi "advise", "practice" ndi "practise", "licence" ndi "license". "Advice" ndi "advise" amamveka mosiyana pakamwa, choncho agwiritseni ntchito ngati chikumbutso cha enawo. Ku America "practice" ndi "license" amalembedwa mofanana pa dzina ndi pa mneni, ndiye kompyuta ya pa ofesi ikakhala yotcheredwa pa Chingerezi cha ku United States idzakusocheretsani. Isintheni ikhale pa cha ku United Kingdom. Musasokonezenso "loss" ndi "lose", "proof" ndi "prove", "belief" ndi "believe", "choice" ndi "choose". Poyankhula, mawu ngati "record", "present", "produce", "increase" ndi "import" amatsindikidwa koyambirira akakhala dzina, kumapeto akakhala mneni.

Sikuti chilichonse chimene timanena mosiyana ndi a ku London n'cholakwa. "Write an exam" ndi mmene timanenera kuno, ku South Africa ndi ku Canada komwe, ngakhale a ku Britain amakonda "sit" kapena "take". Musavutike nazo. Kuuza kondakitala kuti "I'm dropping at Kulima Tower" palibe vuto, wamva ndipo mutsika; mukamuuza "I wish to alight" mudzangoseketsa basi yonse. Koma "drop" ameneyo asalowe mu chimangirizo cha pa mayeso, pamenepo lembani "get off". Chimodzimodzi "he is not picking", chimene m'kalata chiyenera kukhala "he is not answering" kapena "not picking up", ndi "I will pick you at the airport", chimene chikusowa "up": "I will pick you up". Mlendo wochokera kunja akawerenga "pick you" amamva ngati mukufuna kum'sankha pagulu. Funso lodzifunsa ndi lakuti awerenge ndani.

Tsono kaphunziridwe. Gulani kope laling'ono, ndipo tsamba lililonse likhale la dzina limodzi, osati la mneni. Tsamba la "make" lingakhale ndi zinthu mahandiredi zosagwirizana, simungaziloweze. Tsamba la "complaint" lili ndi zochepa zogwirizana: "make", "lodge", "receive", "handle", "investigate", ndi mperekezi wake, "about" chinthu, "against" munthu. Sankhani mayina 30 kuchokera m'makalata amene mwalemba mwezi uno, osati m'ndandanda wa munthu wina. Pa dzina lililonse lembani aneni motsata mmene nkhani imayendera, kuyambira pamene chinthucho chikubadwa mpaka pamene chikutha, monga tachitira ndi "appointment" pamwambapa. Mutu umasunga bwino nkhani kusiyana ndi mulu wa mawu. Mayina awiri patsiku akukwanira, ndipo pa lililonse lembani chiganizo chimodzi chonena zoona za tsiku limenelo pa ofesi panu.

Mukakayika, mu dikishonale fufuzani dzina, osati mneni. Mukatsegula pa "do" mudzasochera m'masamba angapo, koma pa "mistake" chitsanzo choyamba chidzakupatsani "make". Madikishonale a ophunzira, a Oxford, Cambridge ndi Longman, ali pa intaneti ndipo amatseguka pa foni, zitsanzo zawo zimaonetsa mawu oyenderana. Palinso Oxford Collocations Dictionary, imene inatuluka koyamba mu 2002, yopangidwira ntchito imeneyi yokha. Njira yolemba mawu pa Google n'kuona ngati alipo musaidalire. "Discuss about" mudzam'peza kambirimbiri, chifukwa olakwitsa padziko lonse ndi ambiri, ndipo nawonso amalemba.

Musanatumize kalata, iwerengeni katatu mofulumira, ulendo uliwonse mukuyang'ana chinthu chimodzi. Ulendo woyamba imani pa "make", "do", "take", "have" ndi "get" aliyense, muone dzina lotsatira. Wachiwiri yang'anani pambuyo pa "discuss", "request", "emphasise", "order" ndi "contact" ngati palowa mperekezi wosaitanidwa. Wachitatu sakani "s" pa mayina osawerengeka aja. Pa kalata ya ndime zitatu zimenezi sizitenga mphindi ziwiri. Zimene abwana akhwatcha musazitaye, zilembeni pa tsamba la dzina lake m'kope lija.

Ziganizo zanu zitatu zikhale chonchi: "I made a mistake", "we discussed the budget", ndi "kindly lend us your projector". Chachitatucho, ngati mukulembera ofesi ina imene siili pansi panu, chisandutseni funso: "Could we borrow your projector on Thursday?" Kuno "kindly" timamuona ngati ulemu waukulu, koma kwa owerenga ambiri a ku Britain, "kindly" wotsatiridwa ndi mneni amamveka ngati lamulo la munthu amene wayamba kutopa nanu.